Mukagwirana Chanza, Akakupezeni Kuti? Njira Yokulitsira Dzina la Bizinesi pa Intaneti Kudzera mwa Anthu Okumana Nawo Pamasom'pamaso

M'dilowa ya tebulo langa munakhala mtolo wa makhadi, omangidwa ndi kalabala, kwa zaka ziwiri. Khadi lililonse linali la munthu amene ndinagwirana naye chanza pa msonkhano wa amalonda, tinaseka, n'kusiyana ndi mawu aja akuti "tilumikizana". Sitinalumikizane. Tsiku limene ndinafuna kumasula mtolowo, kalabala kaja kanangoduka chifukwa chouma, ndipo pa mayina onsewo ndinakumbukira nkhope zitatu zokha. Nthawi yonseyo ndinkadandaula kuti tsamba langa la pa Facebook silikukula, mpaka kumaganiza zolipira kuti anthu osandidziwa alione. Ondidziwa ndinali nditawatsekera m'dilowa.

Munthu amene wakuonani nkhope ndi kumva mawu anu ndi amene amafulumira kuyankha uthenga wanu, kuikira ndemanga pa zimene mwalemba, ndi kutumizira mnzake linki yanu. Mlendo wa pa intaneti mumachita kumunyengerera miyezi kuti akukhulupirireni, pamene uyu wayamba kale kukukhulupirirani pa mphindi zisanu zokha. Koma kukhulupirirana kumeneku kumazizira msanga. Ntchito yanu ndi yokuchotsa m'holo ya msonkhano n'kukuika pamalo poti kukhalitse ndi kuonedwa ndi ena, ndipo ntchitoyi imayamba musanavale n'komwe zopitira ku msonkhanoko.

1. Konzani pofikira musanaitane munthu

Aliyense amene mwamusangalatsa adzachita chinthu chimodzi, mwina ali m'galimoto pobwerera: adzalemba dzina lanu pa Google kapena pa Facebook. Yambani mwachita zimenezo inuyo, koma pa foni ya munthu wina, chifukwa foni yanu imakudziwani ndipo imakuonetsani zimene munazolowera. Mukapeza tsamba lomwe linapositidwa komaliza chaka chatha, nambala imene munasiya kugwiritsa ntchito, kapena chithunzi cha maluwa pamalo pa nkhope yanu, ndiye kuti mlendo wanu adzapezanso zomwezo.

Konzani zinthu zinayi. Chithunzi chikhale cha nkhope yanu ya lero, yomwe munthu wakumana nayo, kuti asakayike kuti ndinu. Dzina la bizinesi lilembedwe mofanana paliponse, chilembo ndi chilembo, pa khadi, pa tsamba, pa WhatsApp. Pansi pa dzina pakhale chiganizo chimodzi chonena amene mumawathandiza ndi chimene mumawachitira. Ndipo chinthu chomwe munaposita komaliza chikhale chaposachedwa, chosonyeza ntchito yeniyeni.

Kenako sankhani khomo limodzi lolowera. Ambiri timalakwitsa apa: khadi limadzaza ndi tizizindikiro ta Facebook, Instagram, TikTok, X ndi LinkedIn, munthu n'kusowa poyambira. Ngati makasitomala anu ndi makampani ndi mabungwe, khomo lanu ndi LinkedIn, imene yakhala bwalo la anthu apantchito kuyambira 2003. Ngati mumagulitsa zinthu zokopa maso, Instagram. Ngati anthu amafika pamalo anu, lembetsani pa Google Business Profile, yomwe ndi yaulere ndipo imaika bizinesi yanu pa Google Maps pamodzi ndi maola ogwirira ntchito. Ngati malonda anu amatheka pokambirana, WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, ili ndi malo oikamo katalogi ya katundu ndi uthenga wolandirira alendo. Masamba enawo akhoza kukhalapo, koma pakamwa panu pazituluka limodzi.

2. Sankhani kumene mukupita

Mu 1973, katswiri wa ku America wa za kakhalidwe ka anthu, Mark Granovetter, anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu a ku Newton, pafupi ndi Boston, momwe anapezera ntchito. Mwa amene anaipeza kudzera mwa munthu, ambiri anamva kwa munthu amene ankaonana naye mwa apo ndi apo, osati mnzawo wapamtima. Chifukwa chake n'chosavuta: anzanu apamtima amadziwa anthu omwewo amene inu mumawadziwa, ndipo amamva nkhani zomwezo. Wodziwana naye patalipatali ndiye amayenda m'mabwalo amene inu simufikako. Mu 2022, magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa anthu oposa 20 miliyoni a pa LinkedIn, wa zaka zisanu, amene anapezanso kuti ubale wapakatikati, wosathithikana kwambiri koma wosatalikiranso kwambiri, ndi umene umatsegula makomo a ntchito koposa. Akatswiriwa ankafufuza za kupeza ntchito, koma ine ndimaona kuti pa malonda n'chimodzimodzi.

Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: msonkhano wodzaza ndi anthu a ntchito yofanana ndi yanu ndi wabwino pophunzira, koma dzina lanu silipita patali kumeneko. Wojambula zithunzi apite kumene kuli okonza maukwati ndi eni malo ochitira zikondwerero. Wowerengetsera ndalama apite kumene kuli eni masitolo ang'onoang'ono. Funani anthu amene amatumikira makasitomala omwewo koma ndi ntchito ina.

Malo otere alipo amitundumitundu: zionetsero za malonda, misonkhano ya mabungwe a amalonda a m'dera, maphunziro a tsiku limodzi, ndi magulu okumana sabata iliyonse monga BNI, imene Ivan Misner anaiyambitsa ku California mu 1985. Ku BNI gulu lililonse limalola munthu mmodzi yekha pa ntchito iliyonse, kuti mamembala azitumizirana makasitomala popanda kulimbirana. Kumeneko kumafuna ndalama za umembala ndi kusajomba, ndiye si kwa aliyense. Chachikulu n'chakuti musankhe malo awiri kapena atatu n'kumapitako mobwerezabwereza. Nkhope yoonekera kamodzi imaiwalika. Yoonekera kachitatu imayamba kufunsidwa maganizo.

3. Fikani pa intaneti musanafike pakhomo

Okonza msonkhano nthawi zambiri amalengeza mayina a olankhula ndi makampani amene adzakhalepo. Sankhani anthu asanu. Werengani zimene alemba posachedwa, ndipo ngati pali chimene chakukhudzani, ikani ndemanga ya nzeru, yoposa "zabwino kwambiri". Lembaninso pa tsamba lanu kuti mudzakhalako, mutchule okonza, ndipo ngati pali hashtag ya msonkhanowo muigwiritse ntchito. Tsikulo likafika simudzayamba ndi "ndinu ndani", mudzayamba ndi "ndinawerenga zimene munalemba zija", ndipo palibe munthu amene amatopa kumva mawu amenewo.

4. M'holo muja

Apa ndi pamene zambiri zimatheka kapena kuwonongeka, ndiye tidekhepo.

Mukafunsidwa kuti mumatani, musayankhe ndi dzina la udindo. "Ndine mlangizi wa zamalonda" sichisiya kanthu m'mutu mwa munthu. "Ndimathandiza eni masitolo kudziwa katundu amene akuwadyera ndalama" chimabala funso lachiwiri, ndipo chiganizo chimenecho chikhale chomwecho chimene munalemba pa tsamba lanu, kuti akakachipeza kumeneko adziwe kuti wafika. Mukatero tsekani pakamwa, mufunse. Funsani chimene chikumuvutitsa pa ntchito yake miyezi ino, makasitomala ake amamupeza bwanji, akufunafuna munthu wotani. Mayankho akewo ndi chuma chimene mudzagwiritse ntchito mawa, choncho mverani ngati mudzafunsidwa mayeso.

Musanasiyane, lumikizanani pomwepo, foni zili m'manja. Pulogalamu ya LinkedIn ili ndi QR code ya munthu aliyense, kachizindikiro ka timadontho kamene foni ikakawerenga imatsegula tsamba lake. Imapezeka pa kabokosi kofufuzira, ndipo WhatsApp nayo ili nayo. Tizizindikiro timeneti tinapangidwa mu 1994 ndi kampani ya ku Japan ya Denso Wave kuti izitsata zipangizo za magalimoto m'fakitale, koma lero kamera ya mafoni ambiri imatiwerenga yokha. Sindikizani QR code pa khadi lanu, iloze ku khomo limodzi lija, ndipo muiyese pa mafoni awiri kapena atatu musanasindikize makhadi ambiri. Ikhale yaikulu bwino, yakuda pa malo oyera. Ndinaonapo khadi lokongola zedi lokhala ndi QR code yagolide pa pepala lofiirira. Mwini wake ankazunguliza foni ya mnzake uku ndi uku pansi pa getsi, mpaka onse awiri anangoseka n'kuisiya.

Pa WhatsApp pali kanthu kamene ambiri sakadziwa. Status yanu imaonedwa ndi munthu pokhapokha nonse awiri mutasungana manambala. Uthenga wa broadcast, wotumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi, nawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Ndiye kutenga nambala ya munthu n'kuchoka ndi theka chabe la ntchito. Mutumizireni uthenga pomwepo wokhala ndi dzina lanu ndi ntchito yanu, n'kumupempha kuti asunge muli pompo. Inunso posunga yake, lembani dzina, ntchito ndi malo amene mwakumana, chifukwa pakatha mwezi, dzina lokha silidzakuuzani kanthu.

Mukangopatukana, lembani mawu ochepa kuseri kwa khadi lake kapena mu foni: chimene munakambirana ndi chimene mwalonjeza. "Akufuna wojambula. Ndimutumizire linki ya fomu." Basi. Ndipo musathamangire kuzungulira holo yonse. Anthu asanu ocheza nawo mozama amaposa makumi atatu ongopatsana makhadi, ndipo umboni wake ndi mtolo wa m'dilowa uja.

Za zithunzi: jambulani, koma pemphani kaye, ndipo nenani kumene chithunzicho chikupita. Pali anthu amene abwana awo sakudziwa kuti ali kumeneko, ndipo pali ena amene sakonda chabe. Chithunzi cha wolankhula ali pa nsanja, cha tebulo la katundu wa mnzanu, kapena cha inu awiri mukuona chinthu, chimagwira ntchito kuposa cha gulu la anthu oimirira mumzere ngati timu ya mpira.

5. Masiku awiri otsatira

Lembani kwa aliyense payekha, pasanathe masiku awiri, nkhope yanu idakali m'maso mwake. Uthenga ukhale waufupi, ukumbutse pamene munaima ndi zimene munanena, ndipo ubwere ndi kanthu m'manja. Mwachitsanzo: "Mwaswera bwanji mayi. Ndine uja wowerengetsera ndalama, tinacheza dzulo pafupi ndi khomo za malisiti otayika. Nayi linki ya fomu ndinakuuzani ija. Mukaiyesa mundiuze ngati yathandiza." Mulibe mtengo wa ntchito, mulibe "tigwire ntchito limodzi". Ngati linkiyo ikupita ku tsamba lanu, ndiye kuti mwapeza mlendo amene wabwera ndi chifukwa, ndipo wotere amabweranso.

Pa LinkedIn musatumize pempho lolumikizana lopanda mawu. Ikanipo chiganizo chokumbutsa. Ngati munalonjeza kulumikiza anthu awiri, funsani kaye mbali zonse, kenako muwalembere pamodzi, kunena chifukwa chimene mukuganiza kuti apindulirana.

Pali cholakwa chimodzi chimene chimafafaniza zonse zimene mwachita: kutenga manambala ndi ma imelo a pa makhadi n'kuwathira mu gulu la WhatsApp kapena mu mndandanda wa uthenga wotsatsa malonda, eni ake osadziwa. Munthu anakupatsani khadi kuti inuyo mumulankhule, osati kuti foni yake izilira usiku ndi zotsatsa. M'mayiko ambiri muli malamulo oteteza zinsinsi za anthu. Ku European Union, lamulo la GDPR linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018 ndipo limakhwimitsa kagwiritsidwe ntchito ka ma imelo ndi manambala a anthu. Koma ngakhale kumene lamulo silikulondani, munthu akakublokani wapita ndipo amauzako anzake. Funsani poyera: "Ndimatumiza malangizo kamodzi pamwezi, ndikuikenimo?" Akakana, mwatsala naye ngati mnzanu.

6. Polemba za msonkhano, yambani ndi ena

Ambiri akabwerako amaposita chithunzi chawo ndi mawu akuti anali ndi mwayi wopezeka pa msonkhano wakuti. Palibe amene amapindula ndi zimenezo, ndiye palibe amene amazisheya. Lembani chinthu chimodzi chimene mwaphunzira, munene amene anachinena, mumutage iyeyo ndi okonza msonkhano. Kapena lembani za bizinesi ya munthu amene mwakumana naye: chimene amachita, chimene chakudabwitsani, amene angapindule naye.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa intaneti mwambiwu umachita kuoneka ndi maso. Munthu amene mwamutchula bwino amayankha, ndipo akaikira ndemanga kapena kusheya, anthu ake amene sanakumvenipo amaona dzina lanu pafupi ndi la munthu amene amamukhulupirira. Okonza msonkhano nawo amasowa zolemba zoti asheye tsiku lotsatira, ndiye cholemba chanu chokhala ndi mfundo chimawapepukira. Koma musatage anthu makumi awiri amene simunalankhule nawo pofuna kukokera maso kwa inu. Zimaonekeratu, ndipo zimanyansa.

Chuma china chili mu mafunso amene munafunsidwa. Ngati anthu atatu osadziwana anakufunsani chinthu chimodzi, monga kuti ntchito yanu imatenga masiku angati kapena amasiyanitsa bwanji katundu weniweni ndi wachinyengo, dziwani kuti anthu enanso ambiri akulemba funso lomwelo pa Google. Liyankheni pa tsamba lanu kapena mu kanema wa mphindi imodzi, pogwiritsa ntchito mawu enieni amene anafunsira, osati chinenero cha akatswiri. Mukatero tumizirani atatu aja linki, muwauze kuti funso lawo ndi limene labala nkhaniyi. Msonkhano umodzi ukhoza kukupatsani zolemba za mwezi wathunthu, ndipo mumasiya kukhala pa kompyuta n'kumadzifunsa kuti lero ndiposite chiyani.

Pakati pa misonkhano, musazimiririke. Mphindi khumi patsiku zoikira ndemanga pa zolemba za anthu amene munakumana nawo zimasunga ubale wofunda.

7. Sandutsani ubale kukhala chinthu chokhalitsa

Status imatha pa maola 24, ndipo cholemba cha pa Facebook chimamira pakapita masiku. Pali zinthu zitatu zimene zimakhala.

Choyamba ndi linki yochokera pa webusaiti ya ena kubwera pa yanu. Kuyambira pamene Larry Page ndi Sergey Brin anayambitsa Google mu 1998, maziko a kasanjidwe kake anali akuti linki ili ngati voti: tsamba limene masamba odalirika akulilozera limakwera. Njira zake zasintha kwambiri, koma malinki akadali ndi mphamvu. Ndiye ngati ndinu membala wa bungwe la amalonda, onetsetsani kuti muli pa mndandanda wa mamembala wa pa webusaiti yawo, ndi linki yolondola. Ngati munaonetsa katundu pa chionetsero, chimodzimodzi. Ngati inu ndi mnzanu mumatumizirana makasitomala, aliyense atchule mnzake pa webusaiti yake.

Chachiwiri ndi ndemanga za makasitomala pa Google kapena umboni wa pa LinkedIn. Pemphani okhawo amene mwawagwiriradi ntchito, ndipo nthawi yabwino ndi pamene akukuthokozani pamaso: "Zimene mwanenazi, mungazilembe apa?" n'kuwatumizira linki pomwepo. Musagule ndemanga kapena kulonjeza mphatso posinthanitsa nazo. Malamulo a Google amaletsa, ndipo amatha kuzichotsa. Kusinthana ndemanga zabodza ndi anzanu a pa msonkhano ndi msampha womwewo.

Chachitatu ndi kuchitira zinthu limodzi. Kanema wofunsana mafunso ndi mnzanu wa ntchito ina, nkhani yolemba awiri, kucheza kwa laivi kwa theka la ola: aliyense amabwera ndi anthu ake, ndipo onse amabwerera ataonjezera. Mukazolowerana ndi okonza msonkhano, pemphani mphindi khumi zolankhula, osati zotsatsa koma zophunzitsa chinthu chimodzi chimene mumachidziwa bwino. Wolankhula amalembedwa pa pulogalamu, amajambulidwa, amatagidwa ndi anthu amene sanamugwire n'chanza chomwe. Pemphani munthu akujambuleni kanema, ndipo pa chithunzi chomaliza cha zimene mukuonetsa ikani QR code ija, muisiye pa sikirini nthawi yonse ya mafunso.

8. Werengerani, kuti mudziwe kopitanso

Kasitomala aliyense watsopano mufunseni kuti anakudziwani bwanji, ndipo mulembe yankho. Nthawi zambiri mudzamva kuti "ndinakuonani pa Facebook", koma mukafunsitsa mudzapeza kuti anaona chifukwa wina amene munakumana naye anasheya. Ngati muli ndi webusaiti, pangani linki yakeyake ya msonkhano uliwonse, kudzera mu zida zofupikitsira malinki monga Bitly kapena timawu ta UTM toikidwa kumapeto kwa linki, timene chida chowerengera alendo a pa webusaiti cha Google Analytics chimawerenga, kuti muone angati analowa kuchokera pa khadi kapena pa sikirini ija.

Sungani mndandanda wosavuta, wa m'kope kapena wa pa kompyuta: dzina, kumene munakumana, chimene akufuna, tsiku limene munalankhulana komaliza. Usakule mopitirira muyeso. Katswiri wa ku Britain, Robin Dunbar, anayerekeza kuti munthu amatha kusunga maubale okhazikika pafupifupi 150, ndipo m'chiwerengero chimenecho muli kale abale anu ndi anzanu. Otsatira tsamba lanu akhoza kufika masauzande, koma amalonda amene mungawasamalire mwa dzina ndi ochepa, ndiye sankhani.

Perekani miyezi isanu ndi umodzi musanaweruze. Msonkhano umene mwapitako kanayi osabala uthenga, ndemanga kapena kasitomala, usiyeni, ngakhale ukhale wotchuka bwanji. Umene ukubala, lembani tsiku lake lotsatira pa kalendala. Kukatsala sabata imodzi, tsegulani mndandanda uja, pezani anthu atatu amene munakumana nawo kumeneko, muwafunse ngati akubwera, ndipo mmodzi mwa iwo mumupemphe kuti adzakudziwitseni kwa munthu amene simunalankhulepo naye.